Koko wa m'dambo akamayabwa, akamafota kapena akamaola: poyambira kufufuza

Madandaulo okhudza koko wamkulu wa m'dambo ndi omwewo chaka ndi chaka. Wina wadya ndipo pakhosi pakumukereketa. Wina wapeza masamba apsa m'mphepete pomwe mvula ikugwa bwinobwino. Wina wadikira zaka zinayi, pozula n'kupeza mutu wa koko uli mphako yokhayokha. Nthawi zambiri anthu amafulumira kunena kuti ndi matenda, chonsecho gwero lake limakhala madzi a m'dzenje kapena changu cha ophika.

Koko tikunena pano ndi Cyrtosperma merkusii, wolimidwa kwambiri pa zilumba za m'nyanja ya Pacific, amene ku Kiribati amati babai, ku Tuvalu pulaka, ku Pohnpei mwahng. Amalimidwanso ku Marshall Islands, ku Yap, ku Palau, ku Philippines ndi m'madera ena a Indonesia. Ndi wosiyana ndi koko wamba, Colocasia esculenta. Wa m'damboyu amatalika kuposa munthu, mpaka mamita atatu kapena anayi, masamba ake amaloza kumwamba, ndipo mitundu yambiri ili ndi minga pa mapesi a masamba. Mutu wake wa m'nthaka, womwe ndiwo chakudya, umafika makilogalamu 10 mpaka 20, ndipo wokhalitsa zaka zambiri umaposa pamenepo.

Pa tizilumba ta makorale (miyala ya laimu yopangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja) palibe mitsinje. Madzi amvula amalowa mumchenga n'kukayandama pamwamba pa madzi amchere a pansi. Alimi amakumba maenje mpaka kufika pa madzi abwinowo, n'kumathiramo masamba ndi zinyalala zoola kwa mibadwomibadwo kufikira mutapangika dothi lakuda. Mukamvetsa zimenezi, theka la mavuto ali m'munsimu mwalimvetsa kale.

## Mwadya ndipo pakamwa ndi pakhosi pakuyabwa

Ili ndiye dandaulo lalikulu. Mu koko yense wamtundu uwu muli timibulu ta calcium oxalate tosongoka ngati singano, tosaoneka ndi maso. Timalasa khungu lofewa la m'kamwa, ndipo zinthu zina zoyabwitsa za m'madzi a koko zimalowera m'timabala timeneto. Moto wokwanira umathetsa mphamvu ya zoyabwitsazo, ndipo madzi ophikira amachotsako gawo la oxalate. N'chifukwa chake koko wamuwisi sayenera kulawidwa ngakhale pang'ono.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Sanapse mpaka pakati. Dulani chidutswa chachikulu pakati. Ngati pakatipo pali poyera mouma kapena polimba kusiyana ndi m'mphepete, sanapse. Bwezerani pamoto m'madzi atsopano. Koko wa m'dambo ndi wolimba kuposa koko wamba, ndipo ola lathunthu akubwata si nthawi yochuluka. Wokhwima zaka zambiri amafuna kupitirira apo.
2. Munasenda mopyapyala. Kuyabwa kumachuluka pa khungu ndi pansi pake penipeni. Sendani mozama, osaumira, mpaka zofiirira zonse zitachoka.
3. Madzi ophikira munawasiya momwemo. Atayeni. Ngati koko wanu amadziwika kuti ndi woyabwa, dulani tizidutswa tating'ono, viikani m'madzi ozizira kwa maola angapo, tayani madziwo, wiritsani, tayaninso, kenako phikani kachiwiri.
4. Munawotcha kapena kukazinga osayamba mwawiritsa. Moto wouma umapsereza kunja mkati muli mwamuwisi. Zakudya zopala monga fekei wa ku Tuvalu ndi buatoro wa ku Kiribati zimakulungidwa m'masamba n'kukhala pamoto nthawi yaitali, ndipo nthawiyo si yongokometsera chakudya ayi.
5. Mtundu wake ndi woyabwa, kapena unakulira movutika. Mitundu imasiyana kwambiri. Ngati mwachita zonse bwino koma wa m'dzenje linalake akuyabwabe, musiyanitseni ndi wina pophika ndipo mumupatse nthawi yake yaitali.
6. Chimene mwaphikacho si koko wa m'dambo. Izi sizichitika kawirikawiri, koma ndizo zoopsa. Alocasia macrorrhizos naye ali ndi masamba akuluakulu oloza kumwamba, koma thunthu lake limakwera pamwamba pa nthaka ndipo amayabwa koopsa. Maluwa okongoletsera pakhomo monga Dieffenbachia ndi Caladium ndi a banja lomweli ndipo sadyedwa. Chomera chimene simunabzale nokha ndipo simukuchidziwa, chisiyeni.

Kuyabwa kukayamba, lavulani zotsala, chukuchani m'kamwa ndi madzi ambiri, ndipo imwani pang'onopang'ono mkaka kapena chakumwa chozizira. Musadzisanzitse, chifukwa mudutsitsanso zoyabwazo pakhosi kachiwiri. Kuyabwa wamba kumazilala pakapita maola ochepa.

Siyani zonse, thamangirani kuchipatala ngati:

- lilime, milomo kapena pakhosi patupa
- mawu asintha kapena munthu akulephera kumeza malovu
- kupuma kukuvuta kapena kukumveka phokoso
- wadyayo ndi mwana wamng'ono ndipo akungotuluka dovu n'kumakana kumwa

Kutupa kwa pakhosi kumatha kutseka njira ya mpweya mofulumira. Apa palibe zodikira kuti tione mmene kuchere. Tengani kachidutswa ka chomeracho kuti achipatala akachione.

## Manja akuyabwa posenda, kapena madzi ake alowa m'maso

Manja onyowa ndiwo amayabwa kwambiri, makamaka pakati pa zala. Sendani koko ali wouma ndipo manja ali ouma, mutavala magolovesi kapena mutadzola mafuta ophikira, n'kutsuka pambuyo pake. Akayamba kuyabwa, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri, osakanda.

M'maso ndi nkhani ina. Tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15, osatikita. Diso likapitiriza kupweteka, kufiira kapena kuona mwachimbuuzi, kaonaneni ndi dokotala tsiku lomwelo.

## Wakhala pamoto nthawi yaitali koma sakufewa

- Zidutswa n'zazikulu. Zichepetseni.
- Mutu ndi wokalamba kwambiri ndipo wachita ulusi, makamaka kumunsi kwake. Wotere ndi wopala kapena kusinja, osati wodya m'zidutswa.
- Unakhala masiku ambiri utazulidwa ndipo wauma.
- Mbali ina inalowa madzi amchere kapena inayamba kuola. Gawo looneka lamadzimadzi, lotuwa kapena lonunkha lidulidwe n'kutayidwa. Silidzafumbutuka ngakhale mutathera nkhuni zonse.

## Masamba akupsa m'mphepete, akuchita chikasu kapena akufota

Musanaganize za matenda, yang'anani madzi. Ndikunena motsindika chifukwa anthu ambiri amawononga ndalama pa mankhwala opopera pomwe vuto lili pansi pa mapazi awo. Koko wa m'dambo sagwidwa matenda a masamba mwachisawawa. Chiwawu cha Phytophthora colocasiae chimene chinasesa minda ya koko wamba ku Samoa mu 1993 sichimusautsa iyeyu.

1. Mchere walowa m'dzenje. Pa zilumba zotsika ichi ndicho choyamba kuchikayikira. Masamba akale amayamba kupsa m'mphepete, kenako amachita chikasu n'kugwa, ndipo atsopano amatuluka ang'onoang'ono. Zikapitirira, mizu imafa ndipo mutu umaola. Mchere umalowa m'njira zitatu. Pa chilala, madzi abwino a pansi amachepa ndipo amchere amakwera. Zinatero ku Tuvalu mu 2011, pomwe boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha kusowa kwa madzi. Nyanja ikakwera kwambiri pa nyengo yake, madzi amchere amatumphuka kuchokera pansi popanda funde lililonse kudutsa pamtunda. Ndipo namondwe amatha kukankhira mafunde m'maenje mwachindunji, monga anachitira namondwe Pam mu Marichi 2015 pa zilumba zina za Tuvalu.

Poyesa, onani ngati mbewu zovutikazo zili mbali ya kunyanja kapena pamalo ozama kwambiri a dzenje, ndiponso ngati madzi a m'dzenje akukwera ndi kutsika motsatira nyanja. Kulawa ndi lilime sikuthandiza kwenikweni, pakuti mchere ukafika pomveka pakamwa ndiye kuti koko wavutika kale, komanso madzi a m'dzenje si oyenera kuika m'kamwa. Alangizi a zaulimi ali ndi kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Koko amakondwa madzi akakhala pansi pa 1,000 µS/cm (muyeso umene kachipangizoko kamaonetsa), ndipo akapitirira cha m'ma 3,000 amayamba kufooka n'kufa. Madzi a m'nyanja ali cha m'ma 50,000, kotero pang'ono pokha pakwanira kuwononga dzenje.

Chochita:

- Zulani mitu yokhwima msanga isanaole, idyedwe kapena iyanikidwe.
- Pulumutsani mphukira ndi nsonga zobzala. Zisungeni m'dzenje lina lapakati pa chilumba kapena m'zidebe za madzi amvula.
- Musakumbe dzenje mozamitsa pofuna madzi ambiri. Mukatero mukuyandikira amchere.
- Kwezani pobzalira ndi manyowa ndi dothi, ndipo tsekani pamene mafunde analowera.
- Dikirani mvula yamphamvu itsuke dzenje, muyezenso, kenako mubzale. Zimatenga miyezi, nthawi zina kuposa chaka.

Ngati mchere ukubwerera nyengo iliyonse, dzenjelo lafuna mlangizi. Ku Tuvalu ndi kwina ayamba kumanga maenje a simenti othiramo madzi amvula, ndipo kusankha malo ndi mamangidwe ake si ntchito yongoganizira pawekha.

2. Njala. Dothi la makorale ndi losauka, ndipo koko amadya zimene mwamupatsa basi. Masamba akale akachita chikasu monsemo, nayitirojeni wachepa. Akapsa m'mphepete koma madzi mwayeza ndipo ali bwino, kayikirani potaziyamu. Masamba atsopano akatuluka otumbululuka mitsempha yokha ili yobiriwira, ndi ayironi, yemwe mbewu zimavutika kumupeza m'dothi la laimu. Alimi a ku Kiribati amaluka dengu lopanda pansi la masamba a pandanus (mtengo wa masamba ataliatali olukira) kapena a kokonati kuzungulira mbewu iliyonse, n'kumathiramo masamba a mitengo monga Guettarda speciosa ndi breadfruit osakaniza ndi dothi lakuda. Dengulo likaphwasuka kapena likakhala miyezi osawonjezeredwa, chikasu chimaoneka. Likonzeni, lidzazeni. Feteleza wa m'sitolo musamuthire m'dzenje popanda uphungu, chifukwa madzi a m'dzenjemo ndi omwewo a m'zitsime zoyandikana.

3. Manyowa aawisi apsereza mizu. Masamba obiriwira ochuluka kapena ndowe yatsopano ya nkhumba zikagundana ndi mutu wa koko zimatentha poola. Fukulani pang'ono: mukamva kutentha ndi fungo lowawasa, chotsaniko, ndipo ulendo wina muziyamba mwafotetsa masambawo.

4. Dzenje lauma, kapena madzi amiza mbewu yaing'ono. Mizu ikhale m'matope onyowa nthawi zonse, koma pamene pamatulukira masamba pakhale pamwamba pa madzi.

5. Mphepo ya mchere. Imapsereza masamba a mbali imodzi yokha, yoyang'ana kunyanja. Mitengo yotchinga mphepo ndiyo mankhwala ake.

Tsamba limodzi lakale kuchita chikasu pomwe latsopano likutuluka si vuto. Ndi mmene mbewuyi imakulira.

## Pamwamba pali bwino koma mutu ndi wobooka kapena woola

Ili ndiye vuto lopweteka mtima, chifukwa limadziwika pa tsiku lokolola, zaka zitapita kale. Choncho musamadikire tsiku limenelo. Kamodzikamodzi fukulani m'mbali mwa mbewu imodzi kapena ziwiri, mupapase mutuwo ndi dzanja.

- Kuola kofewa, konunkha, koyambira kumunsi. Kawirikawiri ndi mchere kapena madzi oima oipa, ndipo tizilombo toolesa timangolowera pa mabala. Bwererani ku gawo la madzi pamwambapa.
- Mabowo osalala, aakulu ngati chala, olowa mkati. Ndi zikumbu za Papuana, zakuda zonyezimira, zotalika masentimita awiri kapena kuchepera pang'ono. Pa chilumba cha Tarawa ku Kiribati, Papuana huebneri wakhala akusautsa alimi a babai kuyambira m'ma 1930. Mphutsi zake zimakulira m'zinyalala zoola ndi pansi pa zipika m'mphepete mwa dzenje, choncho lambulani m'mphepetemo, ndipo zikumbu zimene mwazipeza muziphe.
- Kuola kouma kofiirira kapena kwakuda pansi pa khungu, kokumba timaenje tolowa mkati, mizu itatha. Kayikirani nyongolotsi zosaoneka ndi maso za Radopholus similis, zomwenso zimagwetsa nthochi. Zawononga kwambiri koko wa m'dambo ku Yap. Zimayenda ndi mbewu yobzala. Musatenge mphukira m'dzenje lodwala kupita nazo kwina. Pobzala, sadzani mizu yonse, sendani paliponse pali banga mpaka poyera, ndipo zosendazo muzitenthe, osazibwezera m'dzenje.
- Mabala otafunidwa pamwamba pa mutu. Makoswe, nkhanu kapena nkhumba. Mapazi ndi ndowe zake zidzakuuzani.

Itanani mlangizi kapena a zoteteza mbewu ngati mwaona zikumbu kapena kuola kouma pa chilumba pomwe sizinaonekepo, ngati mbewu zambiri zagwidwa nthawi imodzi, kapena ngati mukuganiza zothira mankhwala ophera tizilombo. Mankhwala othiridwa m'dzenje amatsikira m'madzi akumwa a mudzi wonse. Kuviika mbewu m'madzi otentha kuti nyongolotsi zife kumafunanso woyeza kutentha molondola, apo ayi muphika mbewu yanu. Ndipo kunyamula mphukira kuchoka pa chilumba china kupita china popanda chilolezo ndiyo njira imene tizilomboti timawolokera nyanja.

## Zaka zikupita koma mutu sukukula

Choyamba dziwani mtundu umene munabzala. Ku Kiribati, katutu amakhwima msanga, amabereka mphukira zambiri ndipo mitu yake ndi yaing'ono mwachibadwa. Ikaraoi ndiye wa mitu ikuluikulu yoperekedwa pa maukwati ndi pa miyambo, ndipo amafuna zaka zingapo akudyetsedwa mosalekeza. Kuyembekezera mutu wa ikaraoi pa katutu n'kudzivutitsa chabe.

Ngati mtundu ndi woyenera, onani izi motsatana: manyowa akuchepa, mphukira zachuluka ndipo zikulimbirana chakudya ndi mayi wake, mbewu zathithikana, mitengo yatseka dzuwa lonse, kapena masamba akudulidwa pafupipafupi kuti akakulungire chakudya. Koko amapirira mthunzi pang'ono, koma tsamba lililonse lodulidwa ndi chakudya chimene mutu wamanidwa.

## Wozula akuwonongeka msanga

Nkhokwe yeniyeni ya koko wa m'dambo ndi dzenje lake. Amatha kukhala m'nthaka zaka khumi kapena kuposa, ndipo n'chifukwa chake wakhala chakudya chopulumutsa anthu pa njala. Akangozulidwa sakhalitsa. Zulani wokwanira kudya. Amene wavulala ndi khasu adyedwe poyamba, wosavulala akhale pamthunzi pozizira, osatsukidwa.

Wofuna kusunga nthawi yaitali asende, adule mopyapyala, afutse m'madzi otentha, ayanike padzuwa mpaka zidutswa zizithyoka ndi phokoso, kenako asunge m'chotengera chotseka bwino. Zidutswa zikachita chuku, zinali zokhuthala, zinasungidwa zisanaumitsitse kapena zinanyowa ndi mame usiku. Zachukuzo zitayeni, osazipala n'kudya.

## Mwamugwiritsa ntchito ngati mankhwala koma sizikusintha

Ubwino wotsimikizika wa koko uyu uli m'mbale. Mitundu ya mkati mwachikasu ili ndi beta-carotene, imene thupi limasandutsa vitamini A, ndipo chikasu chikakhala chozama ndiye kuti ilimo yambiri. Mulinso kashiamu, zinki, ayironi ndi ulusi wothandiza m'mimba. Pa zilumba za Micronesia pomwe mpunga woyera ndi ufa wa tirigu zinalanda malo a zakudya zakale, kusowa kwa vitamini A ndi matenda a shuga zinakula, ndipo azaumoyo akhala akulimbikitsa anthu kubwerera ku koko wachikasu. Kumudya ndi mkaka wa kokonati kapena nsomba kumathandiza, popeza beta-carotene imalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta.

Zovuta zimabwera chakudya chikasandutsidwa mankhwala a chilichonse.

- Shuga sakutsika. Koko ndi chakudya chokhutitsa chodzaza ndi sitachi. Mbale yodzaza, makamaka yothira zotsekemera, imakweza shuga. Chepetsani muyeso, ndipo mankhwala a kuchipatala musasiye.
- Mwana sakuona bwino madzulo, kapena maso ake auma. Chakudya chokha chichedwa. Apite kuchipatala akalandire vitamini A, koko wachikasu azidya pambali.
- Pakhungu pamene munapaka pafiira, pakuwotcha kapena patuluka matuza. Madzi a koko wamuwisi amapsereza khungu, makamaka lovulala kale. Tsukani ndi madzi ambiri, musapakenso. Ku Kiribati kunali chizolowezi chochizira matenda apakhungu ndi chuku chachikasu chomera pa zidutswa zoyanika, koma chuku chilipo chamitundumitundu ndipo ndi maso simungasiyanitse chothandiza ndi choipa. Pa chilonda chotseguka musaikepo.
- Msana ukupweteka cham'mbali, mkodzo uli ndi magazi. Amene anadwalapo miyala ya mu impso kapena matenda a impso achepetse koko, apewe masamba ake, azimwa madzi okwanira, ndipo afunse dokotala. Ululu wotere ukayamba, n'kuchipatala.
- Mayi woyembekezera. Koko wophika bwino adye. Koma madzi owiritsa duwa la chomerachi, amene ku Philippines ena amamwa pofuna kuyambitsa msambo, asawayandikire. Ngati wamwa ndipo m'mimba mukupotokola kapena akutaya magazi, apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo anene chimene wamwa.

## Wogwira ntchito m'dzenje wadwala

Vutoli anthu salilumikiza ndi koko, koma limachokera m'dzenje momwemo. Minga ya mapesi imacheka miyendo ndi manja, ndipo munthu amaima m'matope maola ambiri. Bala lililonse litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera akangotuluka. Likafiira mofalikira, likatupa kapena likachita mafinya, lionedwe ndi achipatala. Odwala shuga asalowe m'dzenje opanda nsapato zajombo, ndipo aziyang'ana mapazi awo madzulo aliwonse, chifukwa bala la kuphazi amatha osalimva.

Pamene makoswe, nkhumba kapena agalu amafika, madzi amatha kukhala ndi tizilombo ta leptospirosis tochokera mu mkodzo wawo. Matendawa amayamba pakapita masiku 2 mpaka 30, kawirikawiri sabata imodzi kapena ziwiri: kutentha thupi, mutu, kuphwanya kwa akatumba makamaka a kumiyendo, ndi maso ofiira. Apite kuchipatala msanga ndipo auze dokotala kuti wakhala akugwira ntchito m'matope, pakuti zizindikirozi zimafanana ndi za dengue, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Maso akachita chikasu kapena mkodzo ukachepa, asagone kunyumba usiku umenewo. Nkhumba zimangidwe kutali ndi maenje, ndipo khola lisakhale pamalo pomwe madzi ake amatsetserekera m'dzenje.